Microneedling ndamaliza, koma tsiku limene anandibweza likundiwawabe

Maenje amene ziphuphu zinandisiyira m'masaya achepa ndithu, ndipo sindikudandaula kuti ndinachita microneedling, njira yobaya khungu ndi timasingano kuti zipsera zichepe. Chimene sindinaiwale ndi tsiku lathunthu limene linangotayika chifukwa cha funso limodzi limene a kuchipatala sanandifunse.

Mumayamba ndi kuonana ndi dokotala wa khungu. Amafuna kudziwa ngati zipsera zanu zimatupa n'kukhala keloid (chipsera chokhuthala chomakulirakulira), ngati mumatuluka zilonda za pamlomo, ndiponso ngati munamwapo mankhwala a ziphuphu otchedwa isotretinoin, chifukwa madokotala ambiri amati mudikire miyezi 6 mutasiya mankhwalawo. Ziphuphu zikakhala zikadali zamafinya sabaya. Zonsezi anandifunsa. Za retinol, mafuta osalalitsa khungu amene ndinkadzola usiku, ayi ndithu.

Tsiku lobaya ndinapempha kuntchito, ndinadikira mpaka masana. Namwino atavala kale magolovesi ndi pamene anati, "Kodi mukudzola retinol?" Nditavomera anangovula magolovesiwo. Akuti retinol amafunika kusiya masiku angapo usanabayidwe, apo ayi khungu limanyeka ndi kusupuka. Ndi zoona, sindikukana. Koma analekeranji kunena tsiku loyamba lija? Kuwonjezera apo ndalama yosungitsira malo anati yapita, ndilipirenso ina. Ndinatuluka ndikunjenjemera ndi mkwiyo. Chonde inu, tchulani chilichonse chimene mumadzola kumaso ngakhale asanakufunseni, ndipo akulembereni papepala zoyenera kusiya.

Kubaya kwenikweniko si koopsa. Amakupakani mankhwala oletsa ululu a lidocaine n'kudikira theka la ola kapena kupitirira, mpaka nkhope ichite dzanzi. Kenako amayendetsa kacholembera ka magetsi kokhala ndi timasingano kunsonga. Pachipumi amalowetsa pang'ono, mwina 0.5 mm, pamene m'masaya mokhala maenje amatha kufika 2 mm. Zimamveka ngati akukukwechani ndi sandipepa, ndipo pachipumi m'pamene misozi inalengeza chifukwa fupa lili pafupi. Timadontho ta magazi timatuluka, musachite nato mantha. Timabala timeneti ndi timene timachititsa khungu kupanga collagen (chinthu cholimbitsa khungu) watsopano wodzaza maenjewo.

Ndikanaiwala chachikulu: timasinganoto atsegule m'paketi inu mukuona. Mu 2024 bungwe loona za matenda la CDC ku America linalengeza za amayi amene anatenga HIV pamalo ena okongoletsera khungu opanda chilolezo ku New Mexico, komwe ankabaya nkhope n'kupakapo madzi a m'magazi. Choncho musachite manyazi kufunsa.

Mukatuluka nkhope imatentha ndi kuthina kwa tsiku limodzi mpaka masiku atatu, kenako imafundula pang'ono. Musakande. Zodzoladzola dikirani maola 24. Ife akhungu lakuda microneedling imatiyanja kuposa mitundu ina ya laser (makina ochiza khungu ndi kuwala) popeza siwotcha, komabe mukapsa ndi dzuwa musanapole mudzatsala ndi mabanga akuda oposa maenje mumathawawo. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa apo, tsiku ndi tsiku.

Kamodzi sikokwanira. Mumabwereranso pakatha milungu 4 mpaka 6, nthawi zambiri maulendo 3 mpaka 6, ndipo kusintha kumaoneka pang'onopang'ono pakapita miyezi. Ulendo uliwonse retinol amafunika kusiyanso, ndiye funsani tsiku lenileni loti musiye ndi loti muyambirenso, komanso ngati ndalama yosungitsira malo amabweza akakubwezani okha.