Zomwe ndaphunzira za mabuku ofewetsedwa a Chingerezi

Pa maphunziro owonjezera a uphunzitsi omwe ndikuchita, takhala tikukambirana za mabuku ofewetsedwa, omwe amalembedwa ndi mawu ochepa osankhidwa molingana ndi pamene Chingerezi cha wowerenga chafika. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa pa sekondale yoyendera yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Ntcheu, ana ambiri amafika mu Fomu 3 asanawerengepo buku la Chingerezi mpaka kumapeto, komabe timawayembekezera kumvetsa Macbeth, sewero lomwe Shakespeare analemba zaka zoposa 400 zapitazo.

Ganizoli si ladzulo. Michael West, yemwe ankagwira ntchito za maphunziro ku Bengal m'zaka za m'ma 1920, anakonza mabuku momwe mawu atsopano ankalowa pang'onopang'ono ndi kubwerezedwa kangapo, ndipo mu 1953 anatulutsa mndandanda wa mawu pafupifupi 2,000 ofunika kwambiri kwa wophunzira. Lero mabuku a Oxford Bookworms amayenda m'njira yomweyo: mabuku a gawo loyamba amagwiritsa ntchito mawu osiyanasiyana 400, lachisanu ndi chimodzi 2,500.

Chomwe chandikhutiritsa kwambiri ndi masamu ake. Paul Nation wa ku New Zealand ndi anzake anapeza kuti munthu amawerenga momvetsa popanda thandizo ngati akudziwa mawu 98 pa 100 alionse. Izi zikutanthauza kuti patsamba la mawu 300, achilendo asapitirire 6. Mwana wodziwa mawu 90 pa 100, yemwe ife tingamuone ngati wochita bwino, amakumana ndi mawu achilendo 30 patsamba limodzi, ndipo akamafika m'munsi amakhala ataiwala zomwe zinali pamwamba. Mwana wotereyu si waulesi ayi. Amathawira ku manotsi, n'kuloweza makhalidwe a atengambali kuti akalembe mayeso a MANEB, koma Chingerezi chake chimakhala pomwe chinali. Tisaiwalenso kuti wolephera Chingerezi salandira setifiketi ya MSCE.

Aphunzitsi ena amati buku lofewetsedwa lili ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo akunena zoona mbali ina. Nkhani imatsala, koma luso la kayalidwe ka mawu, lomwe ndi chifukwa chomwe mabuku akalewa akuwerengedwabe, limachoka. Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti mwana sangasangalale ndi luso la chiganizo chomwe sakuchimva n'komwe. Chimavuta ana athu mu Macbeth si nkhaniyo. Kulimbirana ufumu, mkazi wosonkhezera mwamuna wake kuchita choipa, maulosi a afiti, zonsezi mwana wa ku Lizulu kapena ku Tsangano amazimva msanga, ndipo akamasulidwa kuti akambirane m'Chichewa amatsutsana mpaka belu kulira. Chowatsekera njira ndi Chingerezi chakalekale, chomwe ngakhale ana a ku London amafuna wowamasulira.

Choncho ndondomeko yomwe ndikuyesa tsopano ndi yoyamba ndi nkhani yonse m'Chingerezi chofewa, kuti aliyense adziwe yemwe anapha mfumu Duncan ndi chifukwa chake, kenako n'kutenga ndime zifupizifupi za sewero lenilenilo, kuziwerenga mokweza ndi kuzisewera. Mwana akadziwiratu zomwe zikuchitika, nzeru zake zonse zimapita pa mawuwo. Mu Fomu 1 ndi Fomu 2 ndimafuna kuti aliyense aziwerenga timabuku tosavuta tambiri todzisankhira yekha, popanda mayeso pamapeto pake, pakuti mayeso akangolowapo kuloweza kumabwereranso.

Vuto lotsala ndi la mabuku enieniwo. Sukulu zambiri zoyendera zilibe laibulale, ndipo pomwe mabuku alipo nthawi zina amatsekeredwa m'kabati poopa kuti angang'ambike kapena kusowa. Ndapempha kuti m'kalasi iliyonse mukhale katoni yake ya mabuku ndi kope lolembamo obwereka, losungidwa ndi ophunzira awiri osankhidwa ndi anzawo, ndipo komiti ya makolo ndi aphunzitsi ikambirana pempholi pa msonkhano wa teremu ino.