Bwato la mawanga pa mlatho wa Bua

Za msewu wa M1 sindinena zambiri, inu oyendamo mukuudziwa. Ndiyambire pamene minibasi yathu inatsokomola kawiri n'kuzima, titangowoloka mlatho wa Bua kulowa m'boma la Kasungu. Kondakitala anati ndi kanthu kakang'ono. Mawu amenewa ndawamva kokwanira, choncho ndinangonyamula chikwama n'kutsika. Kanthu kakang'onoko kanatikhazika pamenepo maola atatu, ndalama atatolera kale ku Mponela, chenji changa cha K500 osachitchulanso.

Anzanga anapita kukasaka chiwaya. Ine ndinatsetserekera kumtsinje kuti ndikasambe m'maso, poti unali mwezi wa Okutobala ndipo dzuwa linkachita kuwotcha m'khosi. Pansi pa mkuyu ndinapeza bambo wina wachikulire ndi kamnyamata, atakhazika bwato panjerwa. Silinali bwato losema ngati a kunyanja aja ayi. Ili linali lokhoma pakhomo: mafelemu a matabwa a bulugamu, kunja malata, m'molumikiza monse atamata phula. Mbali imodzi inali itasanduka kale mawangamawanga ngati yunifolomu ya asilikali.

Ndisaname, mumtima ndinawaganizira zoipa. Bua amachokera ku Mchinji n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota atadutsa m'nkhalango yotetezedwa, ndiye munthu wobisa bwato lake ndinati akufuna kuzemba alonda a nyama. Ndinafunsa mozungulira.

"Bambo, kodi nsomba za kuno zimaona utoto?"

Anaseka mpaka kuika burashi pansi. "Achimwene, mlamba umasaka ndi ndevu, maso ake ndi ongokongoletsa nkhope. Ine ndikubisira anthu."

Bwato lawo loyamba akuti linali labuluu, lowala bwino, looneka munthu ali pamlatho. Linagona m'bango milungu iwiri, sabata yachitatu anapeza chingwe chokha. Kulinyamula kupita nalo kunyumba madzulo aliwonse sangathe, msana unakana kalekale.

Apa mpamene ndinaiwala za minibasi. Anali ndi zitini zitatu zokha za penti wamafuta: wobiriwira, wakuda, ndi wofiira uja amapaka pazitsulo kuti zisachite dzimbiri. Wofiirayo anayamba wapaka thupi lonse n'kulisiya liume masiku awiri. Wotsala ankamuthira pang'onopang'ono mu wobiriwira, akutakasa ndi kamtengo, mpaka mtundu unatuluka wonga matope a m'dambo. Ndiye kuti zitini zitatu zabala mitundu inayi. Malatanso anasankha akale, ofolera khola, dala. Akuti lata latsopano ndi loterera, penti amasupuka ngati khungu la njoka, koma lomwe lamenyedwa ndi mvula zaka zingapo limagwira. Ukakhala ndi latsopano uyambe walitsuka ndi viniga. Ndalemba izi kuti wina zimuthandize, ine bwato ndilibe.

Kamnyamata kaja ntchito yake inali yothyola masamba a bango. Ankawagoneka palata mopingasa, agogo ake n'kumadinda pamwamba ndi chidutswa cha matiresi choviika mu penti wakuda. Akachotsa masambawo pankatsala mizere yeniyeni ya bango, yopendekera uku ndi uku. "Iwe, usawafole ngati ana a sukulu," ankamudzudzula. "Unaona bango lomera pamzere?"

Ndinapempha burashi. Anandipatsa kumbuyo kwa bwato, ine n'kuyamba kudontheza timadontho ting'onoting'ono tooneka bwino, ngati nkhanga. Anandisiya ndithu mpaka nditakhutira, kenako anati ndibwerere m'mbuyo mapazi makumi atatu ndikayang'ane. Abale, mbali yanga inangooneka chinthu chimodzi chakuda bii, bwato lenileni, m'mphepete mwake mooneka bwinobwino. Mbali yawo, ya zigamba zikuluzikulu zosalingana zodutsa mpaka pamlomo wa bwato, inali itaduka zidutswazidutswa, osadziwika poyambira ndi pothera. Diso la wakuba, iwo anatero, limafuna mzere wowongoka, chifukwa kumtsinje kulibe chowongoka kupatula chopangidwa ndi munthu. Timadontho tanga anatifafaniza ndi mikwingwirima iwiri yokha, osapepesa n'komwe.

Chinawasowetsa mtendere ndi kunyezimira. Penti wosawala m'magolosale apafupi anamusowa, wa m'zitinizi ndi wonyezimira uja timapaka pazitseko. Anati akauma adzamukwecha pang'ono ndi sandipepa kuti dzuwa lisamagwerepo n'kuwaulula. Mvula ikagwa bango n'kubiriwira, adzawonjezanso wobiriwira. Ndinaganiza za mtengo wa penti masiku ano, ndi kuti ndalama zonsezi munthu akuwononga osati kuti agwire nsomba zambiri, koma kuti chake chikhalebe chake. Zimandinyansa. Kale khasu linkagona kumunda.

Mayi a kunyumba anabwera ndi nsima ya mgaiwa ndi mlamba wowamba wothira tomato. Ndinakana kamodzi mwa ulemu, kachiwiri ndinasamba m'manja. Nditatulutsa K2,000 bambo aja anandiyang'ana ngati ndawatukwana, ndiye ndinaipereka kwa kamnyamata mobisa kuti kakagule makope. Langizo langa kwa apaulendo: musagwire penti wamafuta mutavala malaya oyera opita nawo ku chinkhoswe. Parafini anachotsa wa m'manja yekha, ndipo fungo lake ndinalowa nalo m'minibasi, mayi amene ndinakhala naye pampando akundiyang'ana cham'mbali mpaka pa Chinkhoma.

Ku Kasungu ndinafika chinkhoswe chitayamba kale, ndinakhala kumbuyo jekete ili yomanga mabatani onse.

Pobwerera Lamlungu ndinalimbirana mpando wa pawindo. Tikuwoloka mlatho ndinayang'anitsitsa pansi pa mkuyu paja, kenako m'bango monse, kumtunda ndi kumunsi. Njerwa zinalipo. Bwato sindinalione, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndisangalale kapena ndiwadandaulire bambo aja.