Kupanga ma mold ndi ma die, kodi muli ndalama?

Mwana wa achemwali anga wamaliza grade 12, pakhomo aliyense akumuuza za unesi kapena uphunzitsi, ine ndati ayi akaphunzire zosula zitsulo, kupanga ma die (zitsulo zodindira ndi kudulira zitsulo zina) ndi ma mold (zikombole zoumbira zinthu ngati zapulasitiki). Achemwali akuganiza kuti ndikufuna azikawotcherera mageti ku Kalingalinga. Owotcherera aja ndimawalemekeza, koma iyi ndi ntchito ina.

Tengani baketi yapulasitiki yomwe mumatungira madzi. Inachokera mu mold yachitsulo ndipo alipo munthu amene anaima pa makina osemera zitsulo a lathe ndi milling kuisema pang'onopang'ono, kuyeza ndi kachipangizo ka micrometer mpaka 0.01 ya milimita, tsitsi lanu ndi lonenepa kuposa pamenepo. Mbali ziwiri za mold zikapanda kupsatirana bwino pulasitiki imatulukira m'mphepete, mabaketi onse a tsiku limenelo n'kuwonongeka.

Za ndalama ndisakunamizeni, zaka zoyamba n'zowawa. Kuti dzanja likhwime pamafunika zaka ngati 4, ndipo wophunzira amangolandira kangachepe ka basi ndi nsima, uku akusesa zinyenyeswa za zitsulo, kunola ma drill, kupala ndi fayilo mpaka matuza m'manja pomwe anzake oyendetsa ma taxi a Yango akuoneka ngati zawayendera. Apa ndi pomwe ambiri amathawira, ndipo zimandipweteka.

Koma pitani ku Chinika kapena ku Mungwi Road mukaone mafakitale. Ma mold ambiri amagulidwa kunja, ku China, India kapena South Africa, ndiye mold ikang'aluka makina amaima, antchito amangokhala, oda ya kasitomala ikudikira, kuitumiza ku Johannesburg ndi masabata komanso madola. Munthu amene angaikonze konkuno samuyang'ananso ngati kamnyamata ka mu wekishopu, mtengo amakambirana naye ali chilili. Anthu otere ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ayamba imvi.

Njira yake mwanayu ayambe ndi craft certificate ya TEVETA ya fitting kapena machining, koleji ya NORTEC ku Ndola ndiyo yodziwika pa zimenezi. Fizi ayeseko bursary ya CDF, kuyambira 2022 ikulipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Kenako apeze mmisiri wamkulu womuphunzitsa, asafulumire kufunsa malipiro, ayambe wafunsa ngati mu wekishopu ya mmisiriyo muli surface grinder (makina osalazira chitsulo) ndi CNC (makina osema chitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta). Osazemba masamu ndi kujambula pa kompyuta, masiku ano wongodziwa kupukusa handulo amatsalira.

Ngakhale ma mold atachepa, luso lomwelo limadyetsa ku migodi, Kansanshi, Lumwana, Mopani, konseko amafuna odziwa kusema chitsulo. Kutsegula wekishopu yakeyake ndiye kovuta, makina ndi odula ndipo tonse tinaona mu 2024 momwe kuzima kwa magetsi kunagwetsera mabizinesi ang'onoang'ono. Izo aziganiza akakhwima, panopa atenge fomu ya bursary ku ofesi ya khansala.