Golf GTI Mk5 m'mbali mwa nyanja: zoti mukonze musanaganize zowonjezera liwiro

Volkswagen Golf GTI ya Mk5, m'badwo wachisanu wa Golf, inayamba kutuluka mu 2004, ndipo ngakhale yomaliza kupangidwa yadutsa kale zaka 15. Mtengo wake unagwa, moti munthu wa ntchito ku Salima kapena ku Dwangwa akasunga ndalama angathe kuyiitanitsa ku Japan, n'kutsikira pa Dar es Salaam, kulowera pa Songwe. Injini yake ya malita 2 yokhala ndi turbo imapereka 200 PS ndi 280 Nm, ndipo aliyense amene anayikwezapo mapiri a msewu wa M14 akudziwa chifukwa chake anthu amayikonda. Chomwe chimandiwawa n'chakuti zambiri mwa galimotozi zimafera pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, chifukwa cha kachitsulo kotsika mtengo kamene mwini wake sanauzidwepo. Ndalama yoyamba inapita ku ekizozi yaphokoso ndi marimu akuluakulu.

Choyamba dziwani injini yomwe muli nayo. Yang'anani zilembo pa kapepala komatidwa pafupi ndi tayala la sipeya kapena pa chivindikiro cha lamba wa timing. Mukapeza AXX kapena BWA, injini yanu ndi ya banja la EA113, ndipo zomwe ndikulemba pano ndi zanu. Ya Mk6 ili ndi EA888 yoyendera tcheni, matenda ake ndi ena.

Kachitsulo ndikunenako ndi cam follower. Injini iyi imapopera petulo m'masilinda mwachindunji, choncho pamutu pa injini, mbali ya ku giyabokosi, pali pampu yamphamvu yomwe imakankhidwa ndi camshaft. Pakati pa pampuyo ndi camshaft pamakhala kachitsulo kooneka ngati kakapu, kakang'ono koti kangavale chala chachikulu, kokutidwa ndi khungu lakuda lolimba kunsi kwake. Khunguli limaperepeseka pang'onopang'ono. Likatha, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake mpaka kakapuko kabooke, ndipo pamenepo camshaft ndi pampu zonse zawonongeka, zinyenyeswa zake zili mu oyilo. Chizindikiro chimabwera mochedwa: galimoto imadula mphamvu mukaponda kwambiri, kompyuta yoyezera galimoto n'kuwonetsa nambala ya vuto P0087 kapena P2293.

Kukayang'ana sikutenga ola. Injini ikhale yozizira. Chotsani fyuzi ya pampu ya mu thanki, lizani injini mpaka izime yokha, kenaka masulani waya wa negative pa batire, chifukwa pa Golf iyi kungotsegula chitseko cha dalaivala kumadzutsa pampu ya mu thanki ndipo petulo angakuthireni kumaso. Chotsani chivindikiro cha pamwamba pa injini, chomwenso ndi bokosi la fyuluta ya mpweya. Zulani mawaya a pa pampu, kulungani kansalu pa paipi yachitsulo n'kuimasula ndi sipanala ya 17, kenaka paipi inayo. Pampu imagwidwa ndi mabawuti atatu a Torx T30. Amasuleni mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, chifukwa kuseri kuli sipuling'i yomwe ikukankha. Pampu ikatuluka, lowetsani chala m'bowomo ndipo kakapu katuluka. Kapukuteni, kayang'aneni padzuwa. Ngati kunsi kwake kuli kwakuda bii paliponse, kadakali bwino. Ngati pakati payamba kuyera ngati ndalama yachitsulo, kasintheni lero lomwe. Unikaninso m'bowomo ndi tochi ndi kukhudza camshaft ndi chikhadabo, ikhale yosalala popanda mizere. Nambala ya katsopano ndi 06D 109 309 C. Kapakeni oyilo watsopano, kalowetseni, bwezerani pampu ndi kumanga mabawuti mosinthana kufika 10 Nm. Akuluma mu aluminiyamu, mukakakamiza mano amatha. Mukaliza injini, nunkhizani ndi kuyang'ana ngati palibe petulo wodontha. Ine ndimalangiza kukayang'ana pa makilomita 15,000 aliwonse, komanso sabata yomwe galimoto yafika m'manja mwanu, posatengera zomwe wogulitsa wanena.

Lamba wa timing ndi nkhani yachidule. Akaduka, mapisitoni amamenya mavalavu. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo lamba wokhala zaka zambiri pamalo otentha amauma ngakhale makilomita ali ochepa. Ngati mulibe risiti yosonyeza kuti anasinthidwa, msintheni pamodzi ndi tensioner, marola ndi pampu ya madzi, kenaka muzibwereza pa zaka 5 kapena makilomita 90,000. Gates, Continental ndi INA ndi mayina odalirika. Kumbuyo kwa mutu wa injini kulinso katcheni kakang'ono kolumikiza ma camshaft awiri. Mukamva phokoso la ngati dizilo mbali imeneyo, tensioner yake yatopa.

Oyilo akhale wolembedwa VW 502 00 pa botolo, 5W-40, ndipo amalowa malita pafupifupi 4.6 pamodzi ndi fyuluta. Oyilo wolemera wa 20W-50 yemwe amapungulidwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu amayenera minibasi yakale, pa turbo iyi ndi poizoni. Ku Ulaya ena ankayenda mpaka makilomita 30,000 osasintha oyilo, ndipo zotsatira zake mumazilandira ndinu: phala lakuda lomata kasefa ka paipi yoyamwira oyilo mu sampu. Kuno, ndi fumbi lathu ndi kutentha kwa Okutobala, makilomita 7,500 ndi okwanira. Kamodzi kokha pa moyo wa galimoto yanu, tsitsani sampu, tsukani kasefako kapena gulani paipi yatsopano. Sampu iyi ilibe gasiketi, imamatidwa ndi silikoni, ndipo pakani kamzere kopyapyala. Amakaniko ambiri amapaka mowolowa manja poopa kudontha, zotsala zimafinyikira mkati, n'kukatseka kasefa komwe mwangotsuka kumene. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa msewu, zimitsani pomwepo, ngakhale mutakhala pakati pa Nkhotakota ndi Benga usiku.

Tsopano kutentha, komwe ndiko kumasiyanitsa GTI ya kunyanja ndi ya ku Dedza. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, Lilongwe ili kupitirira 1,000, choncho ulendo wa ku likulu ndi chitunda chachitali chomwe turbo imagwira ntchito osapuma, ndipo mumauyamba ndi mpweya wotentha kale. Kutsogolo kwa galimoto iyi kuli zinthu zitatu zothinana ngati mabuku pa shelefu: condenser ya eyakoni, intercooler (yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo) pakati, radiyeta kumbuyo. M'mipata yake mumadzaza njere za udzu, phulusa la nzimbe zootchedwa ngati mumayenda za ku Dwangwa, ndi nkhungu za m'nyanja zomwe zimamatirira ngati chigumu. Kunja mumaona poyera, pakati pali potseka. Kamodzi pachaka, mvula ikatha, chotsani bampa, patulani zitatuzi pang'ono ndi kutsuka ndi madzi a paipi wamba kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Makina opopera mwamphamvu a kotsukira galimoto amapinda timapepala ta aluminiyamu.

Musakhulupirire singano ya kutentha. Inapangidwa kuti ikhale pa 90 ngakhale madzi akutentha mosiyanasiyana, ndipo ikayamba kukwera ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Kachipangizo ka OBD, kowerenga kompyuta ya galimoto ndi kolumikiza ku foni, kamakuwonetsani nambala yeniyeni. Mafani awiri onse azizungulira mukayatsa eyakoni. Madzi oziziritsa ndi apinki aja, G12++ kapena G13, theka ndi theka ndi madzi a batire (distilled water, osati asidi). Madzi a pamjigo ali ndi mchere wa m'nthaka womwe umaundana m'timipata ta radiyeta, ndipo madzi okha opanda mankhwala amadyetsa pampu ndi dzimbiri. Nyumba ya thermostat ndi ya pulasitiki, imang'aluka ndi ukalamba. Mukaona ufa wapinki wouma pansi pa manifold, ndi imeneyo. Kuchotseratu thermostat, monga ena amachitira poganiza kuti kuno n'kotentha kale, kumasokoneza kompyuta ya injini ndi kudyetsa mafuta.

Pali tizinthu titatu tomwe timapangitsa mwini galimoto kuganiza kuti turbo yafa. Diverter valve, valavu yomwe imabweza mpweya wa turbo mukachotsa phazi pa moto, yakaleyo ili ndi labala yomwe imang'ambika, mphamvu n'kuchepa, P0299 n'kutuluka. Ili pa turbo penipeni, mabawuti atatu, ndipo yolowa m'malo mwake ndi ya pisitoni, 06H 145 710 D. PCV, valavu yotulutsa nthunzi ya m'kati mwa injini, ili kutsogolo kwa chivindikiro cha mavalavu. Injini ikulira payokha, yesani kutsegula chotsekera cha oyilo: chikakanirira ngati wina akuchikoka mkati, injini n'kumalira mluzu ndi kunjenjemera, PCV yatha. Makoyilo amafa mmodzimmodzi, ndipo njira yodziwira ndi kusuntha koyilo wokayikitsa kupita pa silinda ina n'kuona ngati vuto lasamuka naye, mwachitsanzo P0301 (silinda yoyamba) n'kusanduka P0302 (yachiwiri). Sungani mmodzi mu buti.

Ngati zonsezi zili bwino koma injini ikudumphadumpha m'mawa, mavalavu olowetsa mpweya adzaza mwaye. Petulo sadutsa pa mavalavuwo, choncho mankhwala othira mu thanki sakafikako, musataye ndalama. Manifold ichoke, mavalavu a silinda imodzi atsekedwe, mwaye ukandidwe ndi kuyamwidwa, kenaka silinda ina. Ma injector akazuka nawo, timphete tawo tisinthidwe.

Za mafuta. Galimoto iyi inalembedwera okiteni ya 98, ndipo 95 ndiye malire apansi. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wopangidwa pa Dwangwa pompa kuchokera ku molasesi wa nzimbe. Ethanol amathandiza okiteni koma amakoka chinyezi, ndiye galimoto isakhale miyezi m'mbali mwa nyanja thanki ili pafupi kuuma. Choopsa chachikulu ndi mafuta a m'zigubu pa nthawi ya mizere ku mafilingi, chifukwa simudziwa chomwe chathiridwamo, ndipo palafini pang'ono amagwetsa okiteni. Zikakukakamizani, sefani ndi nsalu yoyera ndipo yendani mofatsa, osaponda mpaka pansi, kufikira mutathira ena. Fyuluta ya petulo ili pansi pafupi ndi thanki ndipo ili ndi regulator mkati. Ya GTI ndi yopitirira 6 bar, ya Golf wamba ya 1.6 ndi ya 4 bar, koma kunja zimafanana. Werengani nambala yosindikizidwa pa chitsulo musanalipire.

Ngati yanu ndi ya DSG, giyabokosi yosintha yokha magiya, oyilo ndi fyuluta yake zisinthidwe pa makilomita 60,000 aliwonse, ndi oyilo wa G 052 182, osati ATF wamba. Mulingo umayezedwa oyilo ali pakati pa madigiri 35 ndi 45, injini ikulira, choncho pamafunika kompyuta. Giyabokosi iyi ili ndi makilatchi awiri, ndipo imadana ndi kukwawa pang'onopang'ono kumbuyo kwa akabaza pa Kamuzu Road kapena kulimbana ndi mchenga wa ku Senga Bay. Mukatitimira, imani, kumbani, itanani anyamata akukankheni.

GTI inatuluka ku fakitale itatsitsidwa kale ndi mamilimita 15 poyerekeza ndi Golf wamba, ndipo sampu yake ndi ya aluminiyamu, yomwe sipindika koma kusweka. Amene akufuna kuitsitsanso ayambe wawerenga mahampu a pa M5 ndi maenje omwe amabadwa mu Febuluwale. Chowonjezera choyamba chomwe ndingalangize ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini, cha mamilimita 3, chomangidwa pa subframe, chosiya mpata wa chala pansi pa sampu ndi bowo lotulutsira oyilo. Wowotcherera waluso angachipange pa tauni pomwepo. Matayala akhale 225/45 R17. A 18 ali ndi khoma lalifupi, dzenje limodzi rimu yapindika. Mabawuti a matayala ndi 120 Nm. Mabushi akumbuyo a mikono yakutsogolo amang'ambika msanga, ndipo mudzawadziwa ndi matayala odyeka mkati komanso chiwongolero chogwedera mukaponda buleki. Malabala a CV ayang'aneni nthawi iliyonse galimoto ili pa jeke, chifukwa mchenga ukalowa, girizi amasanduka msasa.

Pa msewu wodzaza mbuzi, ana a sukulu ndi njinga zonyamula makala, mabuleki ndiwo liwiro lenileni. Madisiki akutsogolo ndi a mamilimita 312, amabwera okhuthala 25 ndipo akafika 22 atha. Mafuta a buleki a DOT 4 amamwa chinyezi, ndiye asintheni zaka 2 zilizonse, apo ayi adzawira mukutsika mapiri kuchokera ku Mvera, pedulo n'kulowa pansi. Mapadi abwino, mafuta atsopano ndi mashoki amoyo zimasintha galimoto kuposa fyuluta ya mpweya yapoyera imene ena amaika pofuna liwiro, yomwe kuno imangomeza mpweya wotentha wa pansi pa boneti pamodzi ndi fumbi, oyilo wake n'kumadetsa MAF, kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini.

Zonsezi zikatheka, pamenepo nkhani ya remap, kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti mphamvu ikwere, ingayambe. Stage 1, gawo loyamba la remap, pa turbo ya kufakitale ya K03 imafikitsa mphamvu cha m'ma 240 PS, koma mapulogalamu ambiri analembedwera petulo wa 98 ndi mpweya wozizira. Funsani yofatsa, yolembedwera okiteni yotsika. Ikalowa, mukayese masana kukutentha, mnzanu atagwira laputopu ya VCDS (pulogalamu yoyezera galimoto za Volkswagen) pa gulu 020, lomwe limawonetsa mmene kompyuta ikubwezera moto pa silinda iliyonse poopa kugogoda. Manambala akamadutsa madigiri 5 kapena 6, pulogalamuyo ibwezedwe. Dziwaninso kuti kilatchi yakale ya giya ya manja imayamba kuterereka mu giya 5 ndi 6, ndipo cam follower muziyiyang'ana kawiri pomwe kale munkayang'ana kamodzi. Masipeya, kaya a ku Lilongwe kaya obwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, aitanitseni ndi nambala ya chasisi, ndipo cam follower ikafika yonyezimira kunsi popanda khungu lakuda, ibwezeni kwa wogulitsa.