Tsiku la 15: pa sikani panaoneka awiri

Lero akwana masiku 15 kuchokera pamene hatchi yanga yaikazi inakweredwa. Ine ndimafuna kudikira kaye. Hatchi imafuna yamphongo pafupifupi masiku 21 aliwonse, ndiye ndimati ndiiyang'anire sabata yamawa. Ikaona yamphongo n'kukweza mchira, kumakodza pafupipafupi, ndidziwa kuti sizinatheke. Ikapinda makutu n'kuponya mateche, ndiye kuti mwina bere lagwira. Koma adokotala a ziweto anandikaniza pa foni. Akuti zizindikirozi zimanamiza, komanso pali chinthu china chimene ukachidziwa mochedwa chimavuta kukonza.

Anafika m'mawa. Tinakulunga mchira ndi nsalu, ine ndili kumutu, chingwe m'manja, kuisisita pakhosi kuti ifatse. Iwo anavala golovesi lofika paphewa, anachotsa kaye ndowe, kenaka n'kulowetsa kachipangizo ka sikani kotulukira ndoweko, poti chiberekero chili pansi pake pomwepo. Poyamba pa sikirini panali mbuu. Kenaka kanatulukira kakuda bii, kozungulira bwino, kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu. Mtima wanga unakhala pansi.

Adokotala sanamwetulire. Anapitiriza kufufuza mbali ina ya chiberekero, pang'onopang'ono, osalankhula. Kachiwiri kanali komweko.

Mapasa kwa hatchi si nkhani yokondweretsa. Chiberekero chake chimatha kudyetsa bwino mwana mmodzi yekha. Akakhala awiri, kawirikawiri hatchi imataya bere miyezi itapita kale, kapena ana amabadwa ofooka, mayi wake nayenso moyo uli pachiswe. Ndiye chifukwa chake anandiumiriza za lero. Mpaka cha m'ma tsiku la 16 tiana timeneti timayendayenda m'chiberekero, tisanakhazikike malo amodzi, ndipo n'kotheka kutisiyanitsa n'kufinya kamodzi kuti kenako kakule bwino.

"Bambo, tichite lero lomwe," anatero. Ndinavomera, ngakhale pakhosi panandiuma. Sizinatenge nthawi. Ndinaona ndi maso anga kakuda kamodzi kakuphwa, kena kali chizungulirire.

Ndikanadalira maso, mimba ya hatchi siioneka msanga, zina mpaka miyezi 7 kapena 8. Za kuyeza magazi ndinafunsanso. Akuti kuyeza kumene ambiri amadalira kumayamba kuonetsa cha m'ma tsiku la 40, ndipo kumatha kunenabe kuti bere lilipo chikhalirecho linachoka kale. Za mapasa, magazi sanena kanthu.

Abweranso pa tsiku la 28 kudzaona ngati kamtima kakugunda. Zikayenda bwino, bere la hatchi limatenga masiku pafupifupi 340, miyezi 11 yathunthu.

Madzulo ano ndinakaizonda kukhola. Ndinaipeza ikudya udzu bwinobwino, mchira ukuthamangitsa ntchentche. Ndinaima pamenepo mpaka mdima, dzanja lili pamsana pake.