Chimbudzi Chija Sindinachigunde, Ndinangochikhudza

Poti mnzathu wa giledala wayamba kale kuyenda nayo nkhani ya chimbudzi cha pa sayiti chimene ndinachikhudza ndi ekisikaveta, ndipo tsiku lililonse akuwonjezerapo mamita, bola ndiinene ndekha. Chimbudzi chija sichinauluke. Amene akuti chinakagwera kuseri kwa mulu wa kwale ndi abodza, ena mwa iwo tsikulo sanabwere n'komwe ku ntchito. Akapitawo nawonso ali bwinobwino, ndipo buluu uja anachoka yekha m'makutu.

Amene simunakwerepo ekisikaveta, mvetsani ichi musanayambe kuseka. Makina amenewa ndi zinthu ziwiri zosanjikizana. Pansi pali matcheni oyendera, pamwamba pali kabini, injini ndi bumu, mkono wautali uja wonyamula baketi yokumbira, ndipo chapamwambachi chimazungulira mpaka kubwerera pomwe chinayambira, matcheni ali phee. Tsono maliva oyendetsera salabadira kumene nkhope yako yaloza. Amamvera matcheni basi. Kutsogolo kwa matcheni ndi kumene kuli aidila, gudumu losalala lija. Kumbuyo ndi kumene kuli sipuroketi ya mano ija, yomwe imazunguzidwa ndi mota ya haidiroliki. Ukayang'ana ku aidila n'kukankha maliva, umapita kutsogolo. Ukatembenuka n'kuyang'ana ku sipuroketi, kukankha komweko kumakubweza chambuyo. Kaya ndi Caterpillar, Komatsu kapena Hitachi, nkhani ndi yomweyi. Opareta aliyense amadziwa. Ineyo ndiye ndimachita kuphunzitsa anyamata kuti, "Iwe, suzumira pansi kaye, sipuroketi ili kuti?"

Makinawo anali a matani 20, obwereka, ndipo eni ake amalipiritsa potengera mita ya maola. Ndiye akapitawo chiyambire m'mawa nyimbo inali imodzi pa kawailesi ka m'manja: "Achimwene, mita ikuwerenga, inu mwaima." Ndikamwa madzi, mita ikuwerenga. Ndikatsika kukapopera girisi pa mapini a baketi, mita ikuwerenga. Ndinakhala ndikupakira matipa, kutapa, kuzungulira, kukhuthula, kubwerera, mpaka mutu unasiya kusunga kuti kumpoto ndi kuti.

Tipa ina inaima patali pang'ono, baketi osafika bwino. Pankafunika kusendera mamita awiri okha. Ndinasuzumira pansi, inde ndinasuzumira, mboni ilipo ngakhale panopa ikukana. Koma mvula ya usiku inali itasiya matope oti mano a sipuroketi osaoneka, zonse zili nyaa, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi. Kamera yakumbuyo nayo inali itamatidwa. Mnyamata wondilondolera anali atapita kukafuna gani ya girisi yomwe anaitaya yekha.

Ndinakankha maliva onse awiri. Tipa ija inayamba kuchoka.

Ndinapsa mtima. Munthu achoka bwanji asanadzaze? Ndinaliza hutala, n'kukankhanso mwamphamvu kuti ndiipeze. Iyo osaima, kumangotalikira. Kenako ndinaona dalaivala wake ataima pansi, pambali pa tayala, manja ali m'mwamba, akulumpha. Apa nzeru zinayenera kundifunsa kuti kodi tipa ikuyenda bwanji mwini wake ali panja. Nzeruzo zinafunsadi, koma zinadziyankha zokha kuti waiwala handibuleki. Ndinatsegula windo n'kukuwa, "Handibuleki, achimwene! Galimoto ikupita!" Ineyo kuchenjeza mnzanga, ndi mtima wabwino.

Za liwiro tinene zoona. Mu kabini muli batani la kamba ndi kalulu. Pa kamba makina otere amayenda pafupifupi makilomita 3 pa ola, pa kalulu amapitirira pang'ono makilomita 5. Ine ndinali pa kamba. Munthu woyenda pansi akanandipitirira akulemba uthenga pa foni. Ndiye wa giledala akamati "anabwera ali liwiro la mtondo wadooka," mumufunse kuti liwirolo analiona kuti.

Kumbuyo kwa ekisikaveta kuli chitsulo cholemera matani angapo, chothandiza kuti makina asagwe chafufumimba baketi ikadzaza. Chitsulo chimenecho chikakumana ndi chimbudzi cha pulasitiki, iwe mu kabini sumva kanthu. Ngakhale kugwedezeka. Chimene chinandiimitsa ndi nkhope za anthu. Sayiti yonse inali itaima, wa rola atazimitsa injini, omanga atagwira njerwa m'manja, onse akuyang'ana kumbuyo kwanga, osati kwa ine.

Ndinakweza liva yotsekera haidiroliki, n'kutsegula chitseko, n'kusuzumira.

Abale, chimbudzi chinali chisanagwe. Chinali chitapendekeka, chitaima ndi m'mphepete mmodzi, chikugwedera uku ndi uku ngati woledzera amene sanasankhe kuti akhale pansi kapena apitirize ulendo. Palibe anasuntha. Mphepo inaleka. Kapaipi kotulutsa mpweya ka pamwamba kaja kanali kakuloza ku ofesi. Ndiye m'katimo munatuluka mawu, odekha, aulemu ndithu:

"Muli munthu."

Ngati kuti wina wagogoda.

Chinagwederanso. Mawu aja anakwera pang'ono: "Ndati muli munthu muno!" Wa tipa anavula helemeti n'kuigwira pachifuwa. Mnyamata wanga wolondolera anatulukira ali ndi gani ya girisi m'manja, n'kuyamba kundipatsa chizindikiro choti ndiime, pamene ndinali nditaima kalekale. Chimbudzi chinaganiza, chinaganizanso, kenako pang'onopang'ono, mwaulemu wake, chinagona. Chitseko pansi.

Panamveka phuu. Kenako zii. Kenako kaphokoso kena kochokera m'thanki, kakuti khuthu, khuthu, khuthu, kamene sindikufuna kukafotokoza chifukwa ena mukuwerenga muli pa tebulo.

Kawailesi kanga kanalira. "Opareta wa ekisikaveta." Anali akapitawo, kuchokera m'katimo. "Zimitsani injini. Mita ikuwerenga."

Kuwatulutsa ndiye kunabweretsa msonkhano. Mukudziwa anthu a makina, aliyense amakhulupirira kuti vuto lililonse padziko limatha ndi makina ake. Wa tipa anati timange tcheni, tikole pa huku ya baketi, ndichidzutse. Makaniko anakana, akuti munthu sanyamulidwa ndi ekisikaveta, malamulo a chitetezo salola, komanso opareta wake ndi yemweyu. Mawu omalizawo sanandisangalatse. Wowotcherera anathamangira galainda kuti adule denga. Wa giledala, yemweyu wofalitsa nkhaniyu, anati iye atha kuchitembenuza ndi nsonga ya chimpeni cha giledala yake osachiphwanya, anachitapo kale pa thanki ya madzi. Anthu anayamba kukangana za kulemera kwa chimbudzi chodzaza, wina akuwerengera pansi ndi kamtengo. Akapitawo anamvetsera zonsezo kudzera pa kapaipi kaja, n'kupereka chigamulo: "Aliyense wondiyandikira ndi makina, lero lomwe ntchito yatha."

Tinachigubuduza ndi manja. Apa ndiye panalakwika kwenikweni, ndipo maganizo amenewa sanali anga. Chilichonse chimene chinali chisanawapeze m'katimo chinawapeza pa kutembenuza koyamba. Tinkamva akutchula mayina athu mmodzimmodzi.

Chitseko chitatseguka anatuluka chokwawa, abuluu kuyambira kolala mpaka jombo, chifukwa cha mankhwala amene amathira m'zimbudzi zimenezi. Koma helemeti ili kumutu, lamba wake womanga bwinobwino. Pa nkhani ya chitetezo bambo aja sitingawanene. Anaimirira, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa funso langa lomwe lija: "Achimwene, sipuroketi inali kuti?"

Ndinati, "Inali pomwe imakhala, bwana."

Tsopano poti tikunena zonse, tinene zonse. Ndani amaika chimbudzi kumbuyo kwa makina amene akugwira ntchito? Dzulo lake chinali kumpanda. Anachisuntha ndi anyamata opopa, chifukwa galimoto yawo inkaopa matope, ndipo palibe anandiuza. Panalibe tepi yotchinga, panalibe koni ngakhale imodzi. Alamu yoyendera inkalira bwinobwino, pii, pii, pii, ndipo akapitawo anavomera okha pamaso pa wa zachitetezo kuti ankaimva ikuyandikira. Atafunsidwa chifukwa chimene sanatulukire, anati anali asanamalize. Zimenezo mu lipoti sizinalembedwe. Munalembedwa za matope a pa kamera, ngati kuti mvula ndinagwetsa ndine.

M'mawa mwake ndinapeza wina walemba ndi penti yoyera pa makina: KUTSOGOLO mbali ino, KUMBUYO mbali inayo. Nthabwala yabwino, ndinasekanso. Koma analemba pa bodi ya pamwamba, yomwe imazungulira ija, osati pa felemu ya matcheni. Ndiye kuti wolembayo akanakhala pa mpando wanga akanagwetsa zimbudzi ziwiri. Ndinayesa kuwafotokozera zimenezi pa nthawi yopuma, palibe anafuna kumva. Ndikangoyandikira gulu, wina amagogoda pa helemeti ya mnzake, winayo n'kuyankha, "Muli munthu."

Eni makina analipiritsa maola onse a tsikulo, kuphatikizapo penti yoti afufute. Chimbudzi chinabwerera kumpanda, ndipo anachikhomera zikhomo zinayi. Akapitawo timalankhulana bwinobwino, kungoti akafuna kupita kumeneko amayamba adutsa kwa ine, n'kutambasula dzanja, ine n'kuzimitsa injini n'kuwapatsa kiyi. Nthawi imeneyo za mita satchula.

Sabata ino tikukumba ngalande ya mapaipi, mvula ikalola.