Mmene ndinakonzera chidole cha ku Germany cha zaka pafupifupi 100

Chidolechi ndinapatsidwa ndi agogo ena achizungu oyandikana nawo nyumba kuno ku Leicester pamene ankasamukira kunyumba yosungirako okalamba. Chinali m'bokosi la nsapato, mikono ndi miyendo zili pazokha, tsitsi litapotana, maso atalowa m'kati mwa mutu. Ife amene tinakula tikubereka chitsononkho kumbuyo sitinazolowere kuti chidole chimakhala ndi dzina la fakitale komanso nambala, koma pa zidole zakalezi ntchito imayambira pomwepo. Usanadziwe kuti chinapangidwa ndi chiyani, usachikhudze ndi madzi, sopo kapena guluu.

Nditakweza tsitsi kunkhongo ndinapeza zilembo zodinda: Armand Marseille, Germany, 390. Fakitale imeneyi inali ku Köppelsdorf, pafupi ndi Sonneberg m'chigawo cha Thuringia, dera limene linkadziwika padziko lonse ndi zoseweretsa ana. Nambala 390 ndi ya chikombole cha nkhope, ndipo mitu ya mtundu umenewu inapangidwa yambirimbiri kuyambira cha m'ma 1900 mpaka m'ma 1930. Choncho si chidole chosowa, ndipo mtima wanga unakhala m'malo. Chikanakhala cha ku France, monga za mafakitale a Jumeau kapena Bru zimene zimagulidwa ndalama zochuluka, ndikanapita nacho kwa katswiri, osayesa ndekha.

Mutu wake ndi wa bisque, dothi lowotcha ngati la mbale zadothi koma losanyezimira. Thupi ndi la composition, zomwe ndi utuchi kapena mapepala osakaniza ndi guluu, kenako n'kupaka penti. Ziwirizi sizigwirizana pa nkhani ya madzi. Mutu ukhoza kupukutidwa ndi kansalu konyowa, chifukwa mtundu wa masaya ndi milomo unawotcheredwa mu uvuni ndipo suchoka. Thupi likanyowa limafufuma, penti n'kusweka.

Ndinayamba ndi kujambula zithunzi mbali zonse, kuphatikizapo mmene mbedza zakale zolumikizira ziwalo zinakolekedwera. Kenako ndinayala thaulo lochindikala patebulo, popeza bisque ikagunda pa chinthu cholimba nkhani yathera pomwepo.

Tsitsi linali la mohair, ubweya wa mbuzi za angora, losokedwa pa kansalu komwe kanamatidwa pamutu. Guluu wakale amapangidwa ndi zikopa za nyama ndipo amafewa ndi chinyontho, ndiye ndinkanyowetsa m'mphepete pang'onopang'ono ndi kathonje ka kumakutu, n'kumakweza ndi chala. Pansi pake panali kachivundikiro ka katoni kotseka pamwamba pa mutu, chifukwa mitu imeneyi imakhala yotseguka pamwamba. M'tsitsimo munali zizindikiro za njenjete, choncho ndinalitsekera m'jumbo ndi kuliika mufiriji mbali youmitsa kwa sabata yopitirira, monga amachitira osunga zinthu zakale kumyuziyamu. Nditalitulutsa sindinalichape ngati tsitsi la munthu. Mohair yakale ikapesedwa ndi chipeso imathothoka yonse. Ndinkamasula mfundo imodziimodzi ndi kamtengo kotokosera m'mano, kuyambira kunsonga. Inali ntchito yotopetsa kuposa zonse, ndipo tsitsilo silinabwerere mwakale, koma ndi lake lenileni. Mawigi atsopano a pulasitiki amanyezimira moti nkhope yakale imaoneka yachilendo pansi pake.

Mutu uli pawokha, ndinazimitsa magetsi n'kuwalitsa tochi m'kati. Bisque imadutsa kuwala, ndiye mng'alu uliwonse, ngakhale waung'ono ngati tsitsi, umaoneka mzere wakuda. Panalibe. Amene mukufuna kugula chidole chotere pamsika, pemphani kuchita zimenezi musanalipire, chifukwa mng'alu umatsitsa mtengo kwambiri.

Pa maso ndi pamene ndinakhalitsa. Maso a zidole zimenezi ndi agalasi, olumikizidwa ndi kawaya komwe kumapeto kwake kuli kamtovu kolemera. Chidole chikagonekedwa, kamtovuko kamagwa ndipo maso amatsinzina. Mbali zonse ziwiri za m'kati mwa mutu muli timibulu ta pulasitala tomwe timagwira maso kuti azitembenuka osagwa. Pa changa kambulu kamodzi kanali katamatuka koma kosasweka, ndipo umenewu unali mwayi, chifukwa kuumba pulasitala watsopano n'kovuta: akauma atagwira diso, chidolecho sichidzaphethiranso. Ndinagoneka mutu chafufumimba pathaulo, ndinakhazika maso m'mabowo ake, ndinabwezera kambuluko pamalo pake penipeni potsatira chipsera chimene kanasiya, n'kukamata ndi guluu woyera wosungunuka ndi madzi. Guluu asafike pagalasi. Asanaumitsitse ndinkapendeketsa mutu pang'ono kuti ndione ngati maso akuyenda. Pazikope pali phula lopyapyala la mtundu wa khungu lomwe linali litakalika apo ndi apo. Ndinalisiya choncho. Mtovu uja musamaugwire kenako n'kudya osasamba m'manja, ndipo chidole chotere si chopatsa mwana kuti azisewera nacho.

Supagulu ayi. Amalowa m'dothi, amasanduka wachikasu, ndipo wodzakonza m'tsogolo sangamuchotse popanda kuswa china. Chilichonse chimene ndinamata ndinafuna kuti wina adzathe kumatula.

Nkhope ndinaipukuta ndi thonje, madzi ofunda ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, ndikusamala kuti madzi asalowe m'maso kapena m'kamwa, momwe muli timano tomatidwa. Thupi ndinangolipukuta ndi nsalu youma, kenako ndinapaka pang'ono Renaissance Wax, phula limene linayambira ku British Museum m'ma 1950. Chala chimodzi cha dzanja lamanja chinali chitaduka n'kutayika. Ndinaboola kabowo, ndinalowetsa kawaya, ndinaumba chala ndi Milliput, phala loumbira limene limalimba likauma, n'kuchisalaza chitauma. Penti ndinapaka pa chala chatsopanocho basi. Ena amapenta thupi lonse kuti lioneke latsopano, ndipo sindigwirizana nawo. Ogula zidole zakale amalipira penti yoyambirira, ngakhale yokalika, ndipo thupi lopentedwa mwatsopano amaliona ngati lowonongedwa.

Chotsala chinali kulumikiza ziwalo. M'kati mwa chidole mumadutsa lasitiki wobulungira amene amakoka zonse pamodzi, ndipo wakaleyo anali atauma n'kumafumbutuka. Ndinagula wa kukula kofanana kwa ogulitsa zipangizo zokonzera zidole pa intaneti. Chingwe chimodzi chimachoka ku mbedza ya m'khosi, yomwe imagwiridwa ndi kathabwa kobulungira m'kati mwa mutu, n'kutsikira m'thupi mpaka m'miyendo. China chimadutsa pachifuwa kulumikiza mikono, ndipo manja ndi miyendo zimakoledwa ndi timbedza tawaya. Apa pamafunika anthu awiri, wina kugwira thupi, wina kukoka. Ine ndinkakoka ndi waya wopinda, n'kupanira lasitiki ndi kachipangizo ka madokotala kopanira mitsempha kuti asabwerere m'kati pamene ndikumanga mfundo. Kukoka kwake kumafuna muyeso. Lasitiki akalephera kulimba, mutu umazendewera. Akalimba mopitirira, amafinya khosi la bisque ndi kuphwanya composition m'mabowo a mapewa. Ndinasiya pamene mkono unkatha kukhala pomwe ndauika osagwa.

Diresi lake loyera la thonje ndinaliviika m'madzi ozizira, osafikisa, n'kuliyanika chogoneka pathaulo. Mikanjo ya silika yakale musaiviike n'komwe, imanyenyeka.

Tsopano chili m'kabati yagalasi, kutali ndi windo komanso hita, chifukwa dzuwa limafwifwitsa nsalu ndipo kutentha kumang'alula composition. Ndikafuna kuchisunga m'bokosi ndimachigoneka chafufumimba, nditakulunga m'pepala lopanda asidi, kuti kamtovu kaja kasamakoke pulasitala wa m'maso.